Tattoo ya K7,000 pachifuwa cha mwana wa zaka 16: mmene zinayendera kunyumba kwathu

Mnyamata amene ndikulera ndi mwana wa malemu achemwali anga. Ali ndi zaka 16, Fomu 3, anakalembetsa dzina la amayi ake pachifuwa, mbali ya kumanzere, mmunsi pang'ono mwa fupa la khosi. Analipira K7,000. Chaka chadutsa, koma tikupitabe kuchipatala chifukwa cha malo omwewo. Ine ndine namwino, choncho ndifotokoza mmene zinayendera pamodzi ndi zimene zimachitika m'thupi, kuti kholo kapena wachinyamata amene nkhani ya tattoo yamufika pakhomo adziwe chimene akukumana nacho.

Inali holide ya Khirisimasi, nyengo yotentha ndi ya thukuta. Anyamata asanu anagwirizana, n'kupita kwa mnzawo wina wamkulupo amene amalemba anthu m'kachipinda kuseri kwa shopu yometera. Makina ake anali opanga yekha: kamota kochotsa mu DVD yakufa, chubu cha bolopeni, singano yosokera yomangirira ndi ulusi, magetsi akuchokera ku chaja ya foni. Inki inali ya printer, yothira m'chitsekero cha botolo. Akamaliza mmodzi, amapukuta singano ndi thonje la spiriti, n'kuiwaula pa laita, n'kuitana wina. Wanga anali wachinayi.

Ambiri amaona tattoo ngati chojambula cha pakhungu, koma kuchipatala timaiona ngati bala. Khungu la pamwamba limasuluka n'kumera lina pafupifupi mwezi uliwonse, ndiye inki ikatsalira pamenepo imafufutika. Kuti ikhalitse iyenera kulowa m'khungu lachiwiri, kuya kwa milimita imodzi kapena iwiri, kumene kuli timitsempha ta magazi. Dzina la zilembo zochepa chabe limatanthauza kubayidwa kambirimbiri, ndipo kabowo kalikonse ndi khomo la tizilombo. Makina enieni amatchereka kuti singano izilowa mofanana. Opanga okhawa alibe potchera. Pena singano imangokanda, pena imapyola mpaka kumafuta a pansi pa khungu, ndipo wolembayo akaona kuti inki siikugwira amabwerezabwereza pamalo amodzi mpaka khungu kunyenyeka.

Za spiriti ndi laita zija musazikhulupirire. Moto umangofika kunsonga, pamene magazi amathovukira m'kati mwa chubu cha bolopeni ndi mu ulusi womangira singano. Chitsekero cha inki nachonso chinali chimodzi kwa onse asanu, ndiye singano ikachoka pakhungu la munthu imabwerera momwemo. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Kuchipatala zitsulo timaziphika m'makina ophera tizilombo otchedwa autoclave, pa nthunzi ya madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, ndipo singano sitiibwereza ngakhale pang'ono.

Wolembayo atamaliza anamuuza kuti apake Vaseline wambiri, aphimbe ndi pepala la jumbo, amate ndi selotepi, asasambe pamenepo sabata yonse. Anachitadi zomwezo. Bala latsopano, lotsekeredwa m'pulasitiki, m'nyengo ya thukuta. Pofika tsiku lachitatu ululu unayamba kukula m'malo mochepa. Anzake anati apake mankhwala otsukira mano. Anapaka, n'kumamwa Panado mobisa.

Ine ndinadziwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Anakana nsima madzulo, ndipo poyenda ankatalikitsa mkono wamanzere ndi thupi. Pochapa ndinali nditaona kale banga lachikasu pa vesti yake.

“Iwe, vula malayawo ndione.”

“Amayi, musandikalipire. Ndi dzina la amayi.”

Atavula, dzinalo silinkawerengeka. Malo onse anali atatupa, akunyezimira, otentha ukagwira, zilembo ziwiri zikutuluka mafinya. M'khwapa munali mwanabele. Kutentha kwa thupi kunali pa madigiri 38.9. Mkwiyo unalipo, koma mantha ndiwo anakula, komanso chisoni poona chimene mwanayo ankafuna kuchita: kusunga amayi ake penapake pomwe sangatayike.

Tattoo yatsopano imapweteka ndi kutupa pang'ono masiku awiri kapena atatu oyamba, imatha kutuluka timadzi toyera tosakanikirana ndi inki, kenako imayabwa n'kusuluka. Zonsezo n'zabwinobwino ngati zikucheperachepera. Zikamakula tsiku ndi tsiku, lowani chipatala. Mabuku ambiri amati muziyang'ana kufiira, koma pakhungu lakuda ngati lathuli kufiira sikuoneka bwino. Malowo amangoda kuposa pena ponse ndi kunyezimira. Gwiritsani ntchito dzanja: yerekezani kutentha kwa pamenepo ndi kwa mbali inayo. Tengani bolopeni mujambule mzere kuzungulira pomwe kutupa kwalekezera, kenako muonenso pakatha maola angapo. Kutupa kukadumpha mzere, kapena pakakhala mafinya, kutentha thupi, kunjenjemera, mwanabele, kaya mzere wopweteka wolowera kukhwapa, musadikire kuti kuche.

Tinapita usiku womwewo. Adokotala anatumbula pomwe mafinya anasonkhana, anatsuka, n'kuyamba kumupatsa flucloxacillin, 500 mg kanayi pa tsiku kwa masiku 7, womwa m'mimba muli mopanda chakudya. Ndatchula dzina la mankhwalawa kuti mudziwe chifukwa chake kugula makapisozi pagolosale kumapusitsa. Mabala a pakhungu otere kawirikawiri amayamba ndi bakiteriya wotchedwa staphylococcus, ndipo amoxicillin amene anthu amathamangira nthawi zambiri samupha. Munthu amamwa masiku atatu akuganiza kuti akuchira, matenda akulowerera. Komanso mafinya akasonkhana, mapiritsi okha sakwanira, pamafunika kutumbula. Anamubayanso katemera wa kafumbata, poti singano inali yosadziwika kumene inachokera.

Kenako adokotala anafunsa funso limene linandifoola: “Mayi, zachitika liti?” Nditayankha, anangopukusa mutu. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza munthu ku HIV akakhudzana ndi magazi okayikitsa. Amamwedwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Ife tinali titadutsa kale kawiri nthawi imeneyo. Mnyamatayo akanalankhula tsiku loyamba kapena lachiwiri, achipatala akanaunika n'kuona ngati akufunika PEP. Kubisa ndi kumene kunatilanda mwayi umenewo, ndipo anabisa poopa ine.

Kunena mwachilungamo, kutenga HIV kudzera mu singano ya tattoo sikuchitika kawirikawiri. Hepatitis B ndiye amapatsirana mosavuta kwambiri kuposa HIV, ndipo hepatitis C nayenso amadutsira m'zida zotere. Chinatipepuza mtima ndi buku lake la kusikelo, limene achemwali anasunga bwino. Kuno ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'katemera wa ana mu 2002, wobayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo m'bukumo onse atatu anali ochongedwa. Makolo, funani mabuku amenewa muone. Hepatitis C alibe katemera, ngakhale masiku ano amachizika ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12.

Magazi anayezedwa mmawa mwake, onse anatuluka bwino. Koma zotsatira za tsiku limenelo zimangosonyeza mmene munthu analili asanabayidwe. Kachilombo katsopano sikaoneka msanga. HIV tinayezetsanso patatha miyezi itatu, hepatitis patatha miyezi isanu ndi umodzi. Kuyeza hepatitis C kunalibe pachipatala chathu chaching'ono, tinakalipira kulabu ya pulaiveti. Miyezi imeneyo inali yaitali. Mnyamata wosekaseka uja anasanduka wa zii, usiku ndinkamumva akutembenuka pabedi. Tsiku lina anandifunsa ali chozolikira mbale, “Amayi, ndikapezeka nako ndiye kuti sukulu yatha?” Ndinamuuza kuti ayi, ndipo ndinamufotokozera za anthu ambiri amene ali pa mankhwala n'kumagwira ntchito zawo. Zonse zinatuluka bwino pomaliza.

Ndinayenderanso makolo a anyamata anayi aja, chifukwa ana awo anabayidwa ndi singano yomweyo. Awiri anathokoza n'kupita nawo kukayezetsa. Bambo wina anamukwapula mwana wake ine ndili pomwepo, ndipo ndikukayika ngati mwana ameneyo adzaululenso kanthu kwa bambo ake. Ngati zakuchitikirani, auzeni makolo enawo, koma yambani ndi kunena kuti mwabwera pa nkhani ya chipatala, osati ya mlandu.

Bala linapola patatha pafupifupi mwezi, ndipo tinaganiza kuti tathana nazo. Chakumapeto kwa mwezi wachiwiri zilembo zija zinayamba kutukumuka. Poyamba zinali ngati timizere tokwera, kenako zinalumikizana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba, chosalala, choyabwa kwambiri usiku, nthawi zina cholasa ngati pali kaminga m'kati. Chinapitirira malire a pomwe singano inadutsa. Imeneyi ndiyo keloid.

Pali zipsera zotupa za mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa n'kofunika. China chimakwera koma chimakhala m'malire a bala, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri chimaphwa chokha. Keloid imadumpha malire n'kumakulirakulira pakhungu lomwe silinavulale, ndipo siiphwa yokha. Thupi limapitiriza kupanga nyama yotseka bala ngakhale bala linatsekeka kale. Imakonda anthu a khungu lakuda kuposa azungu, imayenda m'magazi a pabanja, ndipo imabuka kwambiri pakati pa zaka 10 ndi 30. Malo amene imakonda ndi pachifuwa, m'mapewa, kumtunda kwa msana, m'nsagwada ndi m'makutu. Taonani tsono: mwana wakuda, wa zaka 16, pachifuwa, bala lozama lomwe linachita mafinya. Zonse zinakumana pamodzi.

Zizindikiro zinalipo kale pathupi pake. Chipsera cha katemera wa BCG (wa chifuwa chachikulu) pamkono wake ndi chokwera kuposa cha ana ena. Amayi ake anali ndi kachotupa kolimba kukhutu kuyambira pamene anabooletsa ndolo ali mtsikana. Aliyense woganiza za tattoo, kaya ali ndi zaka zingati, ayambe wayang'ana zipsera zake zakale: pa katemera, pomwe anabooletsa, pomwe anatemedwa mphini, pomwe panali ziphuphu za pachifuwa. Ayang'anenso za makolo ndi abale ake. Chimodzi chokha chikakhala chotupa n'kupitirira malire, tattoo si yake.

Pamene chotupacho chinkakula, mnyamatayo anayesa kuchichotsa yekha. Wina anamuuza kuti akhule ndi mchere wa mibulu ndi mandimu mpaka inki ituluke. Anakhula masiku angapo kubafa mpaka panasupuka. Inki siinasunthe, poti ili pansi pa khungu limene ankakhulalo, koma bala latsopanolo linakulitsa keloid mbali imodzi. Ena amathira asidi wa batire, ena amaotcha ndi supuni yamoto, ena amagula mafuta otsatsidwa pa Facebook akuti amafufuta tattoo. Palibe mafuta opaka amene amafika pamene pali inki osawononga khungu. Chilichonse mwa izi chimasiya chipsera choipa kuposa chojambulacho.

Kalata yopitira kwa dokotala wa khungu tinalandira msanga, koma tsiku lokaonana naye linali patali miyezi iwiri. Titafika, mankhwala obaya anali atatha, tinauzidwa kuti tikagule kufamase n'kubwera nawo. Mankhwalawo ndi triamcinolone, amene amabayidwa m'kati mwenimweni mwa keloid pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi alionse. Jakisoni ameneyu ndi wowawa, chifukwa nyama yake ndi yolimba ndipo mankhwala amalowa mokakamiza. Mnyamata wamtali kundiposa anagwira dzanja langa misozi ikutsika. Kuyabwa kunachepa pambuyo pa jakisoni wachiwiri. Kufewa ndi kuphwa kunayamba kuoneka pa wachinayi. Mankhwalawa ali ndi zake: khungu lozungulira layera pang'ono ndipo lapyapyala, zomwe pakhungu lakuda zimaonekera patali. Tinagulanso timapepala ta silicone tomata pachipsera, tofunika kukhalapo maola osachepera 12 pa tsiku kwa miyezi ingapo. M'nyengo yotentha timamatuka ndi thukuta, ndiye timagwiriziza ndi pulasitala wa pepala.

Achibale ambiri ankati bwanji osangodula. Keloid ikadulidwa popanda chithandizo china, kawirikawiri imameranso, nthawi zina yaikulu kuposa poyamba, chifukwa mpeni nawo wapanga bala. Ena ankati laser. Laser, kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, imaswa inki kukhala tizidutswa timene thupi limachotsa pang'onopang'ono, ndipo siitha ulendo umodzi. Pamafunika maulendo 6 mpaka 10, mwinanso kuposa, motalikirana masabata 6 mpaka 8, ulendo uliwonse wolipira. Pakhungu lakuda pamafunika makina a mtundu wa Nd:YAG a 1064 nm, chifukwa ena amaotcha mtundu wa khungu pamodzi ndi inki n'kusiya mabanga oyera. Inki yakuda ndiyo imachoka mosavutirapo, yobiriwira ndi yachikasu imakanirira. Kwa wathuyu dokotala anakaniratu: khungu lopanga keloid silofunika kulivulazanso. Inki ikhala momwemo.

Ndikawerengera mankhwala, kuyezetsa kulabu, silicone ndi ma minibasi, ndalama zapitirira K400,000, ndipo sitinamalize. Sabata yoyamba ya temu anajomba. Mpira amasewerabe, koma timu yake ikagwera kuvula malaya amapempha kusinthana ndi wina.

Tsono pa funso lakuti kodi wa zaka 15, 16 kapena 17 ndi wamng'ono kulembetsa tattoo, yankho langa ndi inde. Sindikunena kuti tattoo ndi chizindikiro cha khalidwe loipa. Agogo athu ambiri anali ndi mphini zokongoletsa kumaso ndi pathupi, ndipo palibe ankawatcha opulukira. Zifukwa zanga ndi zina. Thupi la mnyamata wa zaka 16 likukulabe, chifuwa ndi mapewa zikutambasuka, ndipo chojambula chimakokeka nalo. Msinkhu umenewu uli m'kati mwa zaka zimene keloid imabuka kwambiri. Chimene munthu akuchikonda pa 16, dzina la chibwenzi kapena la gulu la anzake, pa 22 chimakhala china. Ntchito zina zimakanirako: makampani a ndege monga Emirates salola tattoo yoonekera munthu atavala yunifolomu. Koma chachikulu ndi ichi. Mwana wa sukulu alibe ndalama yolipira katswiri, ndipo katswiri wodzilemekeza sangamulembe. Amene amatsala ndi wa kuseri kwa shopu yometera uja. Ndipo popeza mwanayo wachita mobisa, zikavuta amabisanso, masiku ofunika kwambiri n'kudutsa.

Ku Britain, kumene abale athu ambiri akulera ana, lamulo la 1969 limaletsa kulemba tattoo munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera. Wolakwa amakhala wolembayo. Kuno kwathu Malamulo Aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Malire amenewo ndi omveka kwa ine pa nkhani iyinso. Kukaniza kokha sikukwanira, komabe. Muuzeni mwana mawu awiri pamodzi: sindikulola usanakwane 18, koma ukadzachita, undiuze tsiku lomwelo ndipo tidzayamba ndi chipatala. Mufunseninso chimene akufuna kulemba. Ndikanadziwa kuti ndi dzina la amayi ake, tikanakambirana za chisoni chakecho, chimene sanachitchulepo kwa zaka zitatu.

Kwa amene wakwana zaka 18, alibe zipsera zotupa, ndipo watsimikiza mtima, pitani kaye kukaona malowo tsiku lina musanalembetse. Singano itsegulidwe m'paketi yomata inu mukuona, ndipo akamaliza aiponye m'chigubu cha zobaya. Inki ikhale yopangidwira tattoo, ya m'botolo lolembedwa tsiku lothera ntchito, yothiridwa m'kakapu kakang'ono kotaya pomaliza. Asasungunule ndi madzi a pampopi. Ngakhale inki yogula siili yotetezeka kotheratu: mu 2024 ofufuza a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, anayeza mabotolo 75 osatsegula n'kupeza mabakiteriya mu 26. Inki yofiira ndiyo imayambitsa ziwengo kwambiri. Wolemba asambe m'manja, avale magolovesi atsopano, ndipo akagwira foni kapena ndalama asinthe. Lezala yometera malowo ikhale yatsopano. Funsani ngati ali ndi autoclave ya zitsulo zimene amabwereza, ndipo akuonetseni. Akakwiya ndi mafunso, tulukani. Amene ali ndi matenda a shuga, vuto la mtima, chitetezo chotsika, kapena akumwa mankhwala osungunula magazi, ayambe waonana ndi dokotala.

Mukalembetsa, chotsani chophimba pa nthawi imene wolemba wanena, tsukani kawiri pa tsiku ndi madzi aukhondo ndi sopo wosanunkhira, umitsani mogunditsa ndi kansalu koyera, pakani mafuta pang'ono chabe oti khungu lizipuma. Nkhanambo musatong'ole. Kunyanja, kudamu ndi kumtsinje musalowe mpaka papole, zomwe zimatenga masabata awiri mpaka anayi. Valani malaya otakasuka a thonje, ndipo dzuwa lisaombe pamenepo.

Wathuyu njira imeneyo inatsekeka. Dokotala wa khungu analemba m'buku lake la kuchipatala kuti thupi lake limapanga keloid, ndipo anamuuza kuti asadzalembetsenso tattoo, asabooletse khutu, asatemedwe mphini, ndipo akadzafunika opaleshoni ina iliyonse adzawauze madokotala asanamung'ambe. Chotupacho chaphwa pafupifupi theka, ndipo jakisoni akupitirira.